Lamulo Lacisanu ndi Citatu Limagwiranso Nchito M'foni

Pakati pathu pabuka mwambo umene makolo sanatisiyire, ndipo tiyenera kuuchula dzina usanazike mizu. Munthu akakayikira mnyamata kapena mtsikana wa m'mudzi kuti mtima wake umakopeka ndi amuna anzake kapena akazi anzake, sapitanso kwa amalume ake a mwanayo, sapita kwa ankhoswe a banjalo, sapita kwa Bambo Mfumu. Amalowa pa Facebook, nafufuza tsamba la mwanayo, najambula zimene wapeza: cithunzi, ndemanga, maina a anthu amene amaceza naye. Akatero amaponya zonsezo m'gulu la WhatsApp la kwaya, la acinyamata kapena la pabanja, ndi mau awiri atatu onyoza pansi pake. Dzuwa lisanalowe nkhani yafika ku Dómuè, yatsikira ku Vila Ulónguè, yaoloka malire pa Calómuè. Wocita zimenezi amagona tulo tabwino poganiza kuti wateteza Mpingo. Ife tikuti sanateteze kanthu. Wacimwa, ndipo chimo lake lili ndi dzina ndi nambala m'Katekisimu yemweyo amene iye akuti akumteteza.

Sitikukamba za m'maluwa. Nyengo yozizira yapitayi, m'komunidadi ina ya kumapiri kuno, zimenezi zinagwera mnyamata wa zaka zosakwana 20, woimba kwaya, wobatizidwa ndi wolandira Ulimbitso monga ana athu onse. Sitichula mudzi kapena banja, pakuti tikatero tidzagwa m'dzenje lomwe tikucenjeza ena. Zithunzi za maceza ake zitazungulira, bambo ake anamtulutsa m'nyumba usiku womwewo. Wodziwa cisanu ca mwezi wa Juni kuno ku Angónia safunika kuuzidwa kuti kugona m'cigafa ca fodya wopanda cofunda n'kotani. Anakhala momwemo masiku atatu. Mwa Akhristu onse amene anaseka m'gulu lija palibe anapitako ndi mbale ya nsima. Amene anamfunsa ngati wadya anali anthu a pa intaneti amene sanaonanepo naye maso ndi maso, ena a ku Beira, ena a ku Maputo, ndipo mmodzi wa iwo ndiye anamtumizira ndalama ya chapa pa M-Pesa kuti akafike kwa azakhali ake ku mzinda wa Tete. Atsikana awiri a m'gulu la acinyamata analemba pansi pa cithunzi cake kuti iye ndi mlongo wawo ndipo sadzamtaya. Atsikanawo anaitanidwa ndi akuluakulu, nauzidwa kuti akalape. Akalape ciyani?

Tikudziwa kuti pofika apa ena ayamba kale kunong'onezana kuti akatekisti a ku Lifidzi agulidwa ndi azungu. Conco tinene poyera zimene timaphunzitsa. Mpingo wa Katolika umaphunzitsa kuti ukwati ndi pangano la mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, ndi kuti kugonana kuli ndi malo ake m'ukwati mokha. Katekisimu wa Mpingo, amene Apapa João Paulo II anamtulutsa mu 1992, pa nambala 2357 amanena mosabisa kuti mcitidwe wogonana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha sungavomerezedwe. Pamene ku Roma kunatuluka kalata yochedwa Fiducia supplicans pa 18 Disembala 2023, yokhudza madalitso a anthu okhalira limodzi m'njira imene si ukwati wa Mpingo, maepiskopi a mu Africa anayankha pamodzi pa 11 Januwale 2024, kudzera mwa Kadinala Fridolin Ambongo wa ku Kinshasa, kuti kuno kwathu amuna awiri kapena akazi awiri okhala ngati banja sadzadalitsidwa. Ife tili pansi pa abusa athu. Zimenezi timaphunzitsa, ndipo Lamulungu likudzali tidzaphunzitsanso.

Koma Katekisimu sathera pa 2357. Wowerenga nambala imeneyo natseka buku ali ngati mlimi wogalauza mzere umodzi, nabwerera kumudzi kukalengeza kuti munda watha. Nambala yotsatira, 2358, imavomereza kuti amuna ndi akazi a mtima wotere si owerengeka pa zala, ndi kuti kwa ambiri a iwo cimeneci ndi ciyeso colemera. Kenako imatembenukira kwa ife otsalafe, nitiuza kuti mangawa athu kwa iwo ndi ulemu ndi cifundo, kuti tiziyenda nawo mosamala, ndi kuti tsankho lopanda cilungamo lisaoneke ngakhale pang'ono. Umenewu si uphungu woti wofuna atsate, wosafuna asiye. Uli m'buku lomwelo, pa tsamba lomwelo, ndi mphamvu yomweyo. Mpingo umasiyanitsa munthu ndi mcitidwe, umasiyanitsanso kukopeka kwa mtima ndi kucita. Kukopekako pakokha si chimo limene munthu wacita, monga njala si kuba.

Ena adzati zimenezi ndi zatsopano za Apapa Francisco, pokumbukira zimene anayankha atolankhani m'ndege pocokera ku Rio de Janeiro mu 2013, kapena pamene ananena mu Januwale 2023 kuti kukhala ndi mtima wotere si mlandu wa kukhoti. Ayi ndithu. Kale mu 1986 ofesi ya ku Vatican yoona za ciphunzitso ca cikhulupiriro, motsogozedwa ndi Kadinala Joseph Ratzinger amene pambuyo pake anadzakhala Apapa Bento XVI, inalembera maepiskopi onse kalata pa nkhani yomweyi. Kalatayo inali yolimba pa ciphunzitso, koma inadzudzula nkhanza zocitira anthuwa, za pakamwa ndi za manja zomwe, niuza abusa kuti azizitsutsa kulikonse kumene zaoneka. Palibe anganene kuti Ratzinger anali munthu wolekerera. Ndipo maepiskopi a mu Africa aja, m'kalata yomwe ija ya 2024 imene ambiri amakonda kuichula, anakumbutsa kuti anthuwa ayenera kusungiridwa ulemu wawo. Mbali imeneyo ya kalatayo sinazungulire pa WhatsApp.

Phata la nkhani yathu lili pa nambala 2359. Imanena kuti Akhristu amenewa aitanidwa kukhala odziletsa, monga aitanidwira mbeta, mnyamata wosakwatira, mai wamasiye ndi wansembe. Ndipo pochula zimene zidzawacirikize pa ulendowo, pamodzi ndi pemphero ndi masakramenti, imachula ubwenzi: ubwenzi wa munthu wosayembekezera kupindulapo kanthu. Taganizani bwino pamenepa. Mpingo ukupempha mwana wathu cinthu colemera, kusenza mtima wake mwina moyo wonse, anzake onse akumanga mabanja iye akuwavinira. Mpingo womwewo ukuvomereza kuti katundu wotere sasenzedwa ndi mutu umodzi. Nanga bwenzilo licokera kuti? Mabwenzi sagwa kumwamba ngati mvula ya Disembala. Liyenera kucokera m'kwaya, m'mphakati, pa bwalo la mpira, pa mkeka wa pakhomo. Atsikana awiri aja anapereka cimene Katekisimu akupempha, ndipo amene anawatuma kokalapa anawalamula kulapa nchito ya cifundo. Wodula ubwenzi wa mwana wotere asanene kuti akumkankhira ku ciyero. Wamlanda ndodo imene Mpingo unamuika m'manja.

Tiyenera kumvetsa cifukwa cake ana otere amathawira m'foni. M'mudzi munthu sakhala ndi cinsinsi. Pacitsime, pacigayo, pamaliro, aliyense amadziwa kuti uyu ndi mwana wa yani. Mwana wozindikira ali ndi zaka 14 kapena 15 kuti mtima wake suyenda monga wa anzake amamva liu lonyoza lija tsiku ndi tsiku, kusukulu, kudimba, pakamwa pa amalume amene iye amawakonda, nadziwa kuti akangotsegula pakamwa pake watha. Amakhala cete zaka. Amapemphera kuti cimcoke, amasala, amagwada pamaso pa Maria Woyera, ndipo m'mawa amadzuka ali momwemo. Tsiku lina agula mamega a meticais 10, nalemba funso lake usiku anthu atagona, ndipo munthu wa kutali amuyankha kuti sali yekha ndipo asadzipweteke. Mau amenewo akadayenera kuwamva pakamwa pa amai ake. Tikamva makolo akudandaula kuti foni yawabera mwana, timafuna kufunsa kuti pamene foniyo inkamtola iwo anali atamsiya pati.

Cotsutsa cacikulu timacidziwa, ndipo sitikucipeputsa, pakuti kawirikawiri cimacokera kwa anthu oopa Mulungu. Akuti kukhala bwenzi la munthu wotere, kuyamikira zithunzi zake pa Facebook, kudya naye m'mbale imodzi, ndiko kuvomereza. Ang'onoang'ono adzaona nasokonezeka. Kukhumudwitsa ndi chimo lenileni, ndipo Ambuye analankhula zoopsa za okhumudwitsa ana. Koma tiyeni tiyese muyeso umenewu pa midzi yathu. Muli amuna a ukwati wa m'chalichi amene ali ndi nyumba yaciwiri ku Moatize kapena ku Joni. Muli a mitala. Muli amene akagulitsa fodya ndalama zonse zimathera ku kacasu ndi ku zibwenzi, ana ali ndi usiwa. Muli amene anakwatitsa kamtsikana ka zaka 15, cinthu cimene ngakhale boma linaletsa ndi lamulo la 2019. Onsewa timawapatsa moni, timakumba nawo manda, timamwa nawo thobwa paukwati, ndipo palibe ananenapo kuti pogwirana nawo canza tavomereza mitala. Sitikuti tiyambe kuwasala. Tikufunsa cifukwa cake lamulo lacisanu ndi cimodzi, limene limakhudza onsewa, limamera mano pa mwana mmodzi yekha, amene alibe ng'ombe, alibe udindo mu Mpingo, ndipo sangabwezere. Cimeneco si cangu ca pa Mulungu. N'kuti mwanayo ndi wosavuta kumenya.

Zakeyo wa pa Luka 19 sanayambe wasintha moyo kenako n'kulandira Mlendo. Mlendoyo analowa m'nyumba mwake anthu akung'ung'udza panja, ndipo kusinthako kunadza pambuyo. Ong'ung'udzawo anali ndi mfundo yomweyi ya akuluakulu athu, yoti kulowa m'nyumba ya munthu ndiko kuvomereza zocita zake. Nkhaniyi imawerengedwa pa Misa, mitu imagwedezeka, ndipo Lolemba ambiri amakaima pamodzi ndi a panja aja.

Tibwerere kwa wojambula ndi wotumiza uja. Ana a katekeze amadziwa kuti lamulo lacisanu ndi citatu limaletsa umboni wonama. Akuluakulu ambiri amaganiza kuti limathera pomwepo. Katekisimu pa nambala 2477 amachula macimo atatu owononga mbiri ya munthu. Pali kuweruza mothamanga, ndiko kukhulupirira coipa ca mnzako popanda maziko okwanira, ngakhale mumtima mokha. Pali kuulula zolakwa za munthu kwa anthu amene sankazidziwa, popanda cifukwa comveka. Pali kumnamizira. Cithunzi cimodzi coponyedwa m'gulu cingathe kusenza atatu onsewa.

Kodi cithunzico cimatsimikiza ciyani? Kuno kwathu anyamata amayenda atagwirana manja kucokera kalekale, amagona pa mphasa imodzi m'gowelo, amajambulitsa atakolekana m'khosi, ndipo palibe agogo anaonapo cacilendo pamenepo. Mau a pa foni amadulidwa, amalumikizidwa. Tsamba limatsegulidwa m'dzina la munthu iye osadziwa, ndipo mwana aliyense wa sekondale angakuonetseni mmene zimacitikira. Mnyamata wa mau ofewa wokonda kuphika, mtsikana wokonda buluku ndi mpira: kodi umenewu ndi umboni? Kuno ku Lifidzi nkhaniyi iyenera kutilasa koposa, pakuti parokia yathu ili m'dzina la Francisco Xavier Woyera ndipo cikhulupiriro tinacilandira kwa Ajezuiti. Tsono pa nambala 2478 Katekisimu amabwereka uphungu wa tate wawo, Inácio de Loyola Woyera, woti Mkhristu azifulumira kumva mau a mnzake m'njira yabwino koposa kuwagamula, ndipo akalephera kutero akamfunse mwiniwake. Ndani mwa otumiza aja anayamba wafunsa mwiniwake?

"Koma zinali zoona!" Wonena conciyu ndiye amatidetsa nkhawa koposa, pakuti akuganiza kuti coonadi cimamtsuka. Chimo laciwiri lija limacitika ndi zoona zokhazokha. Likadakhala bodza likadakhala chimo lacitatu. Mbiri ya munthu ndi cuma cake, ndipo wosauka alibe cina. Wansembe amamva zoipa zoposa izi m'Sakramenti la Kulapa, koma angalole kufa osaulula. Mpingo umene umasunga cinsinsi ca wakupha munthu sungatume Mkhristu kukaulutsa cinsinsi ca mwana kwa anthu 200 ndi cala cimodzi. Ilipo nthawi imene kuulula n'kofunika. Ngati wamkulu akunyengerera kapena kugwirira mwana, wamwamuna kapena wamkazi, pamenepo kukhala cete ndiko chimo, ndipo nkhaniyo ipite kupolisi, osati ku gulu la kwaya. Koma kusakaniza ucigawenga wotere ndi mtima wa munthu amene sanalakwire aliyense ndi kuika bodza pamwamba pa bodza. Ndipo cikadakhaladi cikondi cofuna kubweza mbale, njira yake Ambuye anaiika pa Mateyo 18, ndipo imayamba ndi anthu awiri okha, kuseri.

Pali cinanso cimene wotumiza wa ku Angónia ayenera kucidziwa, cimene wa ku Inhambane kapena ku Nampula sangacione msanga. Ife tikukhala pa malire a malamulo awiri. Kuno ku Moçambique, Código Penal yatsopano itayamba kugwira nchito mu Juni 2015, nkhani imeneyi inacokeratu m'manja mwa makhoti. Tsidya linalo, ku Malawi, lamulo lilipobe, ndipo cilango cake cimafika zaka 14 m'ndende. Mu 2010 khoti la ku Blantyre linapereka zaka zonsezo kwa Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, ndipo anatuluka kokha cifukwa Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Mu Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linakana kufafaniza lamulolo. Tsono magulu athu a pabanja sadziwa malire. Muli amalume a ku Dedza, asuweni a ku Ntcheu, alamu a ku Lilongwe. Ana athu amaoloka kukagulitsa kacewere, kukaphunzira, kukalandira mankhwala, kukagwira ganyu. Cithunzi coponyedwa pano mwanthabwala, kumeneko cingasanduke cida ca wofuna kumlanda ndalama pomuopseza kuti akamnenera kupolisi, kapena ca anyamata onyamula zibonga. Wotumizayo sadzaliona dzanja lomenyalo, koma ndiye analoza.

Akutinso ndi zacilendo, zabwera ndi mafoni ndi mabungwe akunja. Liu lonyoza limene mumaponyera anawa agogo athu ankalidziwa foni isanapangidwe, ndipo cilankhulo sicipereka dzina ku cinthu cimene sicinaonekepo. Lamulo la boma limene linacotsedwa mu 2015 silinalembedwe ndi Angoni kapena Acewa. Linali m'buku la malamulo la Apwitikizi la 1886. Ngati pali cacilendo pano, ndico kuweruza mwana pa bwalo lopanda mfumu, lopanda mboni, iye mwini kulibe. Makolo athu nkhani ya m'nyumba ankaikamba kuseri, ndi ankhoswe ndi eni mbumba, ndipo mwana wa mnzako ankati ngwako yemwe.

Dziko lino limadziwa mtengo wa cala coloza. Amene tinabadwa nkhondo ili mkati tinakula tikumva mmene mau ocepa, oti uje amadyetsa a mbali inayo, ankasowetsera munthu usiku. Nthaka yomweyi ndiyo inamwa magazi a Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira, Ajezuiti amene anatengedwa ku Chapotera naphedwa pa 30 Okutobala 1985, ansembe amene sanathawe nkhosa zawo ndipo sanatseke pakamwa pamene anthu wamba ankazunzidwa. Timanyadira maina awo. Tiyeneranso kufunsa kuti iwo akadaima mbali iti pamene mudzi wonse ukuloza mmodzi. Ndipo pamene anthu a dziko lino oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, mpaka mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 utatibweza kwathu, palibe anatifunsa pa malire kuti macimo athu ndi otani tisanapatsidwe ufa ndi malo omangapo msasa.

Kwa inu makolo amene zimenezi zagwera m'nyumba mwanu, tilankhula ndi mau ena, pakuti ululu wanu tikuudziwa. Munkayembekezera mpongozi ndi adzukulu. Mukuopa maso a anthu pacitsime. Mukudzifunsa kuti munalakwa pati polera. Apapa Francisco m'kalata ya Amoris laetitia ya 2016, pa nambala 250, anavomereza kuti zimenezi n'zovuta kwa makolo ndi kwa ana omwe, napempha kuti mabanja otere Mpingo uziwaperekeza. Conco bwerani kwa ansembe, bwerani kwa ife, tidzakhale pansi. Koma musamtaye mwanayo kunja. M'nyumba ya mlimi aliyense muli botolo la mankhwala a mbozi, ndipo mwana amene wauzidwa usiku kuti si mwananso amadziwa pamene limakhala. Musamtengere kwa asing'anga kapena kwa aneneri olipiritsa amene adzakuuzani kuti wakhwimira cuma kapena ali ndi ciwanda. Katekisimu mwini, pa 2357 pomwe paja, amavomereza kuti magwero a mtima wotere sanafotokozedwe mokwanira. Cimene Mpingo wa dziko lonse sunanene kuti wacitulukira, munthu wa cithumwa sangakugulitseni pa mtengo wa mbuzi.

Mankhwala amene makolo ambiri amawakhulupirira ndi ukwati: timpezere mkazi, zidzatha. Pamenepa tiyenera kuuma. Malamulo a Mpingo a 1983, pa kanoni 1103, amati ukwati umene munthu walowa cifukwa cokakamizidwa kapena cifukwa ca mantha aakulu omuopseza nawo ena si ukwati konse. Mungamange cisakasa, mungaphe ng'ombe, kwaya ingaimbe mpaka kusasa mau, koma pamaso pa Mulungu sakramenti palibe. Ndipo mtsikana amene mwamtenga kuti akhale mankhwalayo ndi mwana wa eni ake. Wabwera ndi mtima wake wonse, osauzidwa kanthu. Adzakhala zaka akudzifunsa kuti ali ndi cilema canji pamene mwamuna wake samuyang'ana. Munali ndi mwana mmodzi wolira, tsopano mwaliritsa awiri, ndipo mwanamiza guwa.

Sitikunena kuti foni ndi malo oyera. Muli afisi. Muli opempha mwana zithunzi za thupi lake kenako n'kumamuopseza nazo, muli olonjeza nchito ku Joni amene mapeto ake ndi ukapolo, muli ophunzitsa kuti Mpingo ndi mdani ndipo pemphero ndi unyolo. Mantha a makolo pa zimenezi ndi oyenera. Koma mwana wodya kwawo amasankha mabwenzi; wothamangitsidwa amagwira dzanja lililonse lotambasulidwa. Amene akuopa alendo a m'foni awapose cifundo, pakuti njira ina yowagonjetsera palibe. Mu Meyi 2023 ofesi ya ku Vatican yoona za kufalitsa mauthenga inatulutsa cikalata ca mmene Mkhristu ayenera kukhalira pa masamba a mcezo, cimene m'Cipwitikizi cimachedwa Rumo à presença plena, ndipo msana wake ndi fanizo la Msamariya wa pa Luka 10. Fanizolo limaluma pamene ambiri saliyembekezera. Odutsa aja anali anthu a ciphunzitso coona, wansembe ndi Mlevi. Woima uja anali wa cipembedzo cosokonekera, ndipo Ambuye pa Yohane 4 sanabise kuti Asamariya anasocera pa kapembedzedwe. Komabe anamuika iyeyo kukhala citsanzo, osasintha ciphunzitso ngakhale kadontho. Ngati mlendo wa ku Beira, amene mwina salowa n'komwe m'chalichi, ndiye anafunsa mwana wathu ngati wadya, tisataye nthawi kumtukwana mlendoyo.

Ndipo iwe mwana wathu amene ukuwerenga izi mobisa, pa foni yobwereka, imva. Cizindikiro ca Ubatizo wako sicifafanizika. Palibe gulu la WhatsApp lingacicotse. Malo ako m'chalichi ali pomwepo. Khomo la Kulapa ndi la Ukaristia ndi lotseguka kwa iwe pa mfundo zomwezo zimene limatsegukira bambo ako ndi katekisti wako, osaonjezera ngakhale imodzi. Sitidzakunamiza kuti njira imene Mpingo ukukuonetsa ndi yosalala. Koma usatumize cithunzi ca thupi lako kwa munthu aliyense, usakwere galimoto ya munthu wongodziwana naye pa foni, ndipo maganizo a imfa akakufikira gogoda pa khomo la wansembe, la asisitere kapena la namwino usiku womwewo, osadikira kuca.

Kwatsala mangawa. Katekisimu pa nambala 2487 amaphunzitsa kuti wolakwira cilungamo ndi coonadi ayenera kukonza cimene waononga, ngakhale atakhululukidwa kale, ndipo mbiri ya munthu ili m'gulu la zoyenera kubwezedwa. Wakuba mbuzi salapa mbuziyo ili m'khola mwake. Conco wotumiza cithunzi asaganize kuti kunong'oneza kwa wansembe ndi kufufuta uthenga pa foni yake kwathetsa mlandu, pamene cithunzico cili m'mafoni ena 200. Abwerere m'gulu lomwelo, alembe m'dzina lake lenileni kuti sanayenere kutumiza zimenezo, napemphe onse kuti afufute. Amene anangopitiriza uthengawo, ndi amene anaika kankhope koseka pansi pake, ali ndi gawo lawo, locepa kapena lalikulu. Ndipo ngati mwanayo anacotsedwa pakhomo cifukwa ca iwo, mau a pa foni sakwanira: atenge mkulu mmodzi wa mphakati, apite ndi miyendo yawo kwa makolowo, akagwade, akathandize kuti mwanayo aitanidwe.

Oyang'anira magulu a WhatsApp a makwaya, a acinyamata ndi a miphakati ali ndi mphamvu yocotsa uthenga wotere kwa onse ukangolowa, ndipo tikuwapempha kuti aziigwiritsa nchito osadikira msonkhano. Kwa a kalasi ya Ulimbitso, phunziro la mwezi uno lidzakhala pa nambala 2477 mpaka 2487, ikatha Misa ya Lamulungu. Abwere ndi mafoni awo. Makolo ndi ankhoswe adzapeza mabenchi owakwanira kumbuyo.